Kapaipi ka a Belmiro

A Belmiro a ku Chidzolomondo anabwerako ku Malawi, kumene anathawira nkhondo, ali ndi nkhwangwa yokha, nakhala mmisiri womanga zigafa za fodya. Atakalamba, mkodzo unayamba kukana kutuluka. Kuchipatala ku Furancungo anamwino anawalowetsa kapaipi kofewa mpaka m'chikhodzodzo, kotulutsira mkodzo m'thumba. Ululu unathera pomwepo.

Koma kumudzi, anthu ataona thumbalo, anayamba kudzawazonda ndi nkhope zamaliro. Mlamu wawo anafika pofunsa kuti nkhwangwa ija adzatenga ndani.

Kutacha, a Belmiro anamangirira thumbalo kumwendo, nalibisa m'jombo, nakwera pa chigafa cha mlamu yemweyo.

"Alamu, ponyani udzu kuno tifolere!" anakuwa ali pamwamba. "Nkhwangwa yanga muiiwale. Kapaipi aka kakutulutsa mkodzo, osati moyo wanga!"