Bwato la Agogo pa Mphuno ya Chisi

Ndikamva fungo la phula wotentha, nthawi yomweyo ndimaona agogo a Firida, mayi wa amayi anga, atagwada pa doko la Kachulu, ku nyanja ya Chilwa, akumata ming'alu ya bwato, utsi wa matemba ukuwalowa m'maso, iwo osaphethira n'komwe. Anali aafupi, olankhula mokuwa ngati onse ndife ogontha, ndipo bwato limenelo ndi lomwe linkatidyetsa, chifukwa ankalibwereketsa kwa asodzi, nthawi zina n'kunyamulira nkhuni ndi mpunga.

Agogo aamuna atamwalira, tisanamere n'komwe tsitsi la kumeta, kunatulukira mchimwene wawo, a Benesi, ochokera ku Songani. Anakhala pa mpando wa malemu, chipewa pa bondo.

"Alamu, bwato ndi chinthu cha mwamuna. Ndilitenga ndikagulitse, lisaolere pano."

Ine mtima unangoti phwii. Bwato likapita, tidya chiyani? Koma agogo anawomba m'manja mwaulemu, zomwe sindinkawadziwa nazo.

"Mwanena zoona, alamu. Komatu maukonde a achimwene anu anatsala ku chilumba cha Chisi, kuseri kwa Mphuno. Tiyeni mawa tikatenge, mutengere pamodzi."

Mphuno ndi pomwe phiri la pachilumbapo limalowa m'nyanja ndi miyala yake yonse, yakuda, yakuthwa, ina yobisala pansi pa madzi. Mwera ukamaomba, asodzi enieni ankapazemba. A Benesi zimenezi sankazidziwa, madzi awo anali a pa mjigo.

Tinanyamuka m'mawa, agogo kumbuyo ndi nsungwi yaitali yokankhira bwato, a Benesi pakati atavala jekete, ine ndi chitini chokapira madzi. Tinadutsa m'kanjira ka m'njedza, udzu wautali wa m'madzi uja, udzudzu ukulira m'makutu, akakowa akuuluka patsogolo pathu, mpaka nyanja inatseguka yotuwa ngati phala la mgaiwa. Chilumba chinkakula pang'onopang'ono, milambe yake itaima m'mphepete, mbuzi zikulira m'matanthwe. A Benesi ankaimba nyimbo ya kwaya.

Nyimboyo inathera pa Mphuno. Mphepo inatimenya m'mbali, madzi n'kuyamba kulumphira m'bwato, nsungwi ikuterereka pa miyala osagwira. Bwato linagunda kamodzi, guu! A Benesi anagwira m'mbali ndi manja onse.

"Alamu, tibwerere! Mayo ine, ana anga!"

"Khalani pansi, alamu, mukundipendeketsera bwato."

Kenako agogo anachita chimene mwamuna wa panyanja sangachite anzake akuona. Anakwinya chitenje, n'kuchimanga pakati pa miyendo monga amachitira amayi akamavuula nsomba m'madambo, n'kudumphira m'madzi. Madziwo anawafika m'khosi, poti Chilwa si wakuya, koma pansi pake pamenepo ndi mipeni yokhayokha. Anakoleka chingwe cha bwato pa phewa n'kuyamba kukoka, akufufuza njira ndi mapazi, funde likawamiza mutu n'kutulukanso akulavula, akundikalipira.

"Iwe Esinati, kapa madziwo! Ukundiyang'ana ine ndine sinema?"

Ndinakapa mpaka manja anachita dzanzi. Pamwamba pa matanthwe panali asodzi akuyanika maukonde, ndipo onse anaimirira. Wina anakuwa kuti, "Taonani mayi a Firida akukoka bambo wa jekete ngati mtolo wa nkhuni!" Kuseka kwake kunamveka mpaka kuseri kwa phiri. Ine mantha anali tho, koma ndikuuzeni, chifuwa changa chinatupa ndi kunyada. Ndinkafuna dziko lonse lidziwe kuti amenewo ndi agogo anga, anga ine.

Titazungulira, madzi anali bata. Maukonde tinawapezadi, awiri, odyedwa ndi makoswe. A Benesi anakana kubwerera pa bwato lathu, anadikira la injini. Madzulo anatipeza kunyumba, jekete ili m'manja, n'kukhosomola kaye.

"Alamu, ndaganiza bwino. Bwato lija n'lolemera, kukafika nalo ku Songani ndi chintchito. Libakhala kuno."

"Zikomo alamu, mwatiganizira," anatero agogo, nkhope ili gwa. Anawapatsanso matemba a pa njira.

Mlendo atapita, anandiitanira kuseri kwa nyumba ndi beseni la madzi ofunda amchere. Apo ndiye ndinaona mapazi awo. Anali ong'ambikang'ambika, chala chimodzi chikhadabo chitazuka, timiyala titalowa m'mabala. Ndinkachotsa ndi minga ya mthethe, iwo ataluma nsonga ya chitenje, misozi ikuyenderera mwakachetechete. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, chifukwa ngakhale pa maliro paja anangouma maso.

"Usakauze munthu kuti zinandipweteka, wamva? Alamu aja akadziwa abweranso."

Sanabwerenso. Bwato lija linatiphunzitsa sukulu ine ndi azing'ono anga, mpaka linaola lokha ndi ukalamba, lili lathu. Ku Kachulu nkhaniyi amaikambabe, ndipo amaikometsera kuti mayi uja anazungulira Mphuno akuseka, osakandika ndi pang'ono pomwe. Ine ndinkangovomera, zaka zonsezi, poti ndinalonjeza. Koma a Benesi anapita, agogo nawonso anagona, palibenso wobwera kudzalanda kanthu. Ndiye lero ndaulula, agogo mundikhululukire: zinawapweteka kwambiri, ndipo anakokabe.