Zenera la Rozita

Rozita mdzukulu wanga, lero amalume ako abwera ndi mmisiri kuti atseke zenera lako lija. Akuti lili m'munsi kwambiri, likunyansitsa nyumba. Ndawabweza.

Paja unabwera pa feriya, tchuthi cha sukulu, kuchokera ku Nampula, kumene unkaphunzira kujambula nyumba. Ine chibwerere kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi zenera ndinkalikana, chifukwa nkhondo inatiphunzitsa khoma lopanda bowo. Iwe unakhala pamphasa panga, n'kulemba ndi khala pakhoma pamene maso anga amafika ndikakhala pansi. Kenako unaponya khala lija, n'kuti, "Agogo, anzanga akujambula nyumba zosanja, ine kabowo kokhaka kakundikanika. Mwina sukuluyi si yanga." Ndinati, "Iwe, boola! Khomali likagwa ndi langa, si la aphunzitsi ako." Unaseka mpaka misozi, n'kutola hamala.

Sukulu sunaimalize, matenda anakulanda moyo. Ine m'kalasi sindinapondemo, za mapulani sindizidziwa. Koma miyendo inandikana tsopano, ndipo phiri la Tumbine ndimaliona ndili chikhalire. Ofuna kutseka adikire ndikupeze kaye kumeneko.