Atate Alankhula mu Laputopu Yanga

Mwauka bwanji nonse a pa banja.

Mmawa uno ndinakhala pansi pa mtengo wa masau kuno ku Boma la Luangwa, ndikukonza pulogalamu ija yotumizira asodzi a ku Kavalamanja mauthenga a mawu. Ili ndi kankhokwe kosunga mauthenga netiweki ikathawa, timati kashi. Kakadzaza, kamataya uthenga wakale kwambiri.

Ndinaikapo kolubaki, kalamulo kamene pulogalamu imaitana isanataye chinthu. Ndinakauza kuti kandiseweretse uthengawo, kenako kandifunse ngati titaye kapena tisunge. Poyesa, ndinathiramo mauthenga a pa kadi la foni yanga yakale, osayang'ana n'komwe kuti ndi a ndani.

Kankhokwe kanadzaza. Ndinangomva malemu atate: “Esinati, uuze amai ako asadere nkhawa, mphepo yaleka, ndili pafupi kuoloka.” Kumbuyo kwa mawuwo nkhafi ikumenya madzi, mvuu ikulira chapatali.

Ndinaiwala ntchito. Ndinayang'ana pamene Luangwa alowera mu Zambezi, ndipo m'maso mwanga bwato lililonse lochokera kutsidya linali la atate, chipewa chija chong'ambika chili kumutu. Ndinatsala pang'ono kutsikira kudooko kukawalandira katundu.

Mpaka manje pulogalamu yaima, ikudikira yankho langa. Kutaya sindingataye, zimenezo musandifunse.

Koma achimwene a Lazaro, inu muli nawo pafupi amai. Ndiwatumizire amve, kapena tiwasiye? Paja madzulo alionse amakhalabe choyang'ana kumtsinje.