Magazi a Mlombwa

Ndiyambe ndi kuulula uchitsiru wanga, poti akazi anga amati ndili nawo wokwanira kugawira mudzi wonse. Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti a Nachisale, oyandikana nafe ku Nsadzo, adali mfiti yomwa magazi a mitengo.

Ndikawakumbukira ndimamva fungo la khungwa laliwisi. M'mawa ankalowa kuthengo ndi kankhwangwa kukatema mlombwa, mtengo uja umakha utomoni wofiira ngati wazinga mbuzi, n'kubwera nawo m'chigoba chobisa m'nsalu.

Zidali zaka za nkhondo. Amfuti adakhala pamudzi pathu ngati eni ake. Akazi kuwasinjira, kuwasenzera katundu, kuyankha ayi. Komandanti akaloza mtsikana, ankapita naye kumsasa wawo kuphiri. Koma zimphona zija zinkaopa chinthu chimodzi: mkazi amene ali kumwezi, ati amasukulutsa zithumwa zawo zoletsa zipolopolo. Ndiye mlongo wanga Lusiya ndi anzake ankakhala kumwezi mwezi wathunthu. A Nachisale ndiwo ankawapaka utomoni uja pansalu. Ine chitsiru osadziwa.

Tsiku lina msilikali adandiitana, atatsegula chitini cha nsomba za sardinya.

"Iwe mwana, gogo uja amakatani kuthengo?"

"Ndi mfiti aja," ndidatero, mafuta ali chuchuchu m'zala. "Amamwa magazi a mlombwa, ena amagawira atsikana."

Amfuti adawamangirira a Nachisale pamtengo pakati pa mudzi n'kuwakwapula, akazi onse atawakakamiza kuonerera. Sadalire. Adangoti, "Menyani, ana anga, mpaka mkono utope. Mlombwawo ndidatema ndekha." Atsikana asanu adatengedwa tsiku lomwelo. Lusiya sadabwerere. Mpaka lero ndikaona chitini cha sardinya ndimafuna kuchiponda, ndipo agalu aja, ena akali moyo akunenepa, ndimawatukwana mmodzimmodzi.

Sabata yatha tidaonera sewero la novela pa televizau ku Cassacatiza, kwa mwana wathu amene tidamutcha Lusiya. Nkhani yake idali ya dziko lina lake la boma lankhanza, akazi akuwagawana ngati mbuzi, iwo n'kumapangana mobisa. Mtima utayamba kuwawa, ndidathawira kunthabwala monga mwa chizolowezi changa: "Azungu kunama! Zoterezi zidachitika kuti?"

Akazi anga adali mmodzi wa asanu aja. Usiku womwewo tikuyala mphasa adati:

"Bambo a Lusiya, inu mudadya sardinya, ine ndidakakhala kuphiri kuja mpaka mvula idagwa kawiri. Mawa mukadule nthambi ya mlombwa tikadzale pamanda a Nachisale. Ndipo mukaisenze nokha, pamutu."