Nkhunda ya pa khadi la amayi yaphikidwa

Mwaswera bwanji nonse. Khadi la amayi lija palibe.

Paja mawa akuvekedwa yunifolomu ya Mvano, ndipo ine ndinadzitama pagulu pompano kuti khadi sitigula ku Songani, ndipanga ndekha. Masiku atatu ndakhala ndikusema zidindo pa mbatata ndi lezala: maluwa awiri, mtanda ndi nkhunda. Nkhundayo, Mulungu ndi mboni, inkachita kuphethira.

Dzulo ndinaziika m'lichero kuti ziume ndisanapake inki. M'mawa uno alamu anu aziphika. Akuti, "Ine ndimayesa mwayamba kundithandiza kusenda, bambo a Chisomo."

Ndazindikira nditaluma kale. Kuyang'ana m'dzanja, latsala phiko limodzi. Mtanda adya ndi amalume, amwera tiyi, akuti unali wotsekemera ndipo afunsa ngati ulipo wina. Sindikuwonjezera.

Mbatata yatha, zala zanga ndi mabala okhaokha, pepala lili mbee patebulo. Amayi auza kale anzawo onse kuti mwana wawo akupanga chodabwitsa.

Ndiye ndithandizeni abale. Ndiwauze lero alirire kunyumba, kapena akamvere mawa kutchalitchi komwe kuli owatonthoza ambiri?