Nkhope imene inakana kuchoka mu vidiyo

Sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo sindifuna kufunsidwa chifukwa chake. Chimene ndinatsala nacho ndi komputadori yakale yogula kumalire ku Cassacatiza ndi kamera yothyoka chivundikiro. Ndinkajambula maukwati ndi makwaya, kuyambira ku Mualadzi mpaka ku Chifunde, panjinga.

Chaka china banja lathu linamanga chiliza cha agogo aamuna, amene anamwalira atangobwerako ku Zambia nkhondo itatha. Mayi aang'ono anatsalira komweko pa ukwati, ndipo miyendo inali itawakana. Iwo ndiwo anapempha vidiyo. Ankafuna kuona manda a bambo awo ndi gule wowavinira.

Gule anavinidwa, ine ndikujambula. Potembenuka, kamera inatola kuseri kwa nkhokwe chimene mkazi kapena mwana sayenera kuona: wovina atavula chigoba, akumwa madzi. Ine ndinagula njira, mwambo ndimaudziwa. Malowo ndinawadula mu vidiyo tsiku lomwelo.

Amalume, amene ankayendetsa zonse, anabwera kuti aione vidiyoyo isanapite ku Zambia. Tinakhala m'nyumba awiriwiri. Ng'oma, fumbi, amayi akuimba, kenako nkhope ija poyera, ikumwa madzi.

"Iwe, si unati wadula?"

"Ndinadula, amalume. Taonani apa, palibe."

"Nanga uyu akumwa madziyu ndi mlamu wako?"

Vuto linali ili. Pulogalama yodulira mavidiyo, pofuna kuti chithunzi chisamadukeduke, imasunga tizidutswa tokonzeratu pamalo ena otchedwa kashi. Ukasintha kanthu imayenera kutaya kakale n'kupanga katsopano. Yangayi sinataye. Mzere wa pamwamba unali wobiriwira, kundinamiza kuti zonse zili bwino, uku ikundipatsa zadzana.

Ndinafufuta kashi yonse iwo akuona. Mzere unafiira. Ndinayambitsanso, komputadori ikulira ngati chigayo, bateriya ya sola ikutsika. Itamaliza tinaonera kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Nkhope panalibe.

"Mwaona? Zatheka."

"Dzulo unatinso zatheka," anatero amalume. "Ikakatulukiranso ku Zambia pamaso pa mlongo wanga ndi adzukulu ake, ukadulira kuti?"

Ndinafotokoza kuti vidiyo yomalizayo sinyamula kashi, kuti chimene mulibe sichingamere. Ndinafotokoza mpaka kukhosi kuuma. Anthu awa anadutsa nkhondo, anagona m'tchire, koma akuopa kabokosi kokhala pamiyendo panga.

"Chinthu chosunga zimene mwini wake wataya sindichikhulupirira. Sukulu inakukanika, ndiye ichi uchitha? Fufuta zonse."

Anaimirira pamutu panga. Ndinafufuta vidiyo, ndinafufuta za mu kamera, ngakhale malo amene munali manda okhaokha ndi amayi akuimba. Anatuluka osatsazika.

Mayi aang'ono ankaimba foni. "Mwanawe, vidiyo ija ili pati? Ndione pamene bambo agona." Zoona sindikanawauza, nkhani ya gule siuzidwa kwa mkazi. Ndinkati kamera inawonongeka. Kenako ndinkati ndikukonza. Kenako ndinasiya kuyankha. Anauza abale onse kuti mwana wa achemwali awo palibe chimene amamaliza, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale amalume amene ankadziwa.

Mayi aang'ono anamwalira mvula isanagwe, chiliza asanachione. Titafika kumaliro ku Zambia, amalume anandiyandikira n'kufunsa ngati ndabweretsa kamera, kuti otsala kumudzi adzaone. Inali m'chikwama, bateriya yodzaza. Ndinawauza kuti inawonongeka.