Kapepala ka m'bowo la tepi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pomwe rapu inafika pa Nsipe, ndipo sinabwere pabasi ngati munthu wabwinobwino. Inabwera m'thumba la kachewere kuchokera ku Lizulu, itabisala pansi ngati katundu wakuba. Anabwera nayo ndi Fanuwelo, mnyamata yemwe anakakhala ku Blantyre masabata awiri okha n'kubwerako ataiwala dzina la khasu. Anadzitcha Emusi Faya. Chizungu chake chonse chinali mawu anayi, ndipo atatu mwa mawuwo anali "yo".

Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, wailesi imodzi, koma makutu a boma anali ambiri kuposa mitu ya anthu. Nyimbo yolankhula mothamanga ngati imeneija, anyamata ofunsa makhadi a chipani pamsika akanati tikunyoza akuluakulu m'chilankhulo chachinsinsi. Ndiye tepi iliyonse ya rapu ankailemba pamwamba kuti "Kwaya ya Amayi". Chaka chimenecho pa Nsipe panali makwaya a amayi ambiri kuposa amayi eniake.

Situdiyo yake inali kuseri kwa golosale ya Che Amidu, pakati pa makatoni a sopo. Lachisanu masana, eni ake akapita kumzikiti, mwana wawo Isa ankatulutsa wailesi yojambula mawu. Isa ankaomba ng'oma ndi pakamwa mpaka malovu kunyowetsa sopo, Faya n'kumabwebweta ngati mbuzi yameza pulasitiki. Ife timbuli tinkaona ngati Amereka yasamukira kwathu. Lamulo la Faya linali limodzi: wofuna kulowa gulu abwere ndi tepi yojambulapo.

Kwathu tepi inalipo imodzi. Abambo anapita ku Joni ndili wamng'ono, ndipo anzawo a kumigodi atabwezedwa onse, iwo anatchona. Chomwe anatumiza n'kalata ya pakamwa, poti amayi sankawerenga. Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi, amayi ankayanika mabatire padzuwa kuti adzuke, kenako n'kukhala pamkeka kumvera. "Nangozo, ine kuno ndili bwino. Ndibwera Disembala ndi makina osokera ndi malata." Akatero ankatsokomola nthawi yaitali, chifuwa cha fumbi la pansi, n'kunena motsitsa kuti pepani Nangozo, kenako n'kupitiriza kulonjeza njinga, nsapato, mpaka ng'ombe.

Ma Disembala anadutsa ngati mabasi odzaza, osaima. Ine tepi imeneija ndinkainyoza ndi mtima wonse. Ndinailoweza kuposa katekisimu, ndipo ndinkadabwa kuti munthu wanzeru ngati amayi angamamvere bwanji bodza lomwelomwelo sabata ndi sabata ngati lisintha. Mbali yachiwiri inali yopanda kanthu. Ndinati basi, ndibwereka mbali yogona ija, palibe adzadziwe.

Lachisanu ndinaitulutsa m'sutikesi, pansi pa chitenje chatchalitchi. Faya anaiponya mu wailesi, kudina batani lofiira, batani kukana. Amalume anali atathyola kale timano tija ta pamsana pa tepi, kuti wina asadzajambulepo mwangozi. Aliyense wa nthawi imeneyo akudziwa mankhwala ake: umatafuna kapepala n'kutseka bowolo, wailesi n'kupusitsika.

Ndinamuuza kuti tijambule ku B. Faya anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake a galasi limodzi.

"Emusi weniweni sayambira ku B, iwe. Ku A kuli chani?"

Anyamata onse anali akundiyang'ana. Mawu anali pakamwa pomwepa, oti muli mawu a abambo anga. Koma ndinaona kale m'mene asekere, mwana wa mtchona wosunga bambo wake m'sutikesi.

"Kwaya basi," ndinatero.

Ndipo pepalalo ndinang'amba ndine, m'kope langa la masamu. Ndinatafuna ndine, ndinatseka bowo ndine. Pamenepa pokha sindikuwonjezera kanthu.

Faya anabwebweta zake mpaka mabatire kutuluka thukuta. Kenako anandikankhira kutsogolo kuti ndionetse luso. Mutu unauma gwa. Chizungu ndinalibe, ngakhale "yo" wake anandithawa. Mawu okha omwe ndinkawadziwa pamtima ndi a kalata ija, ndiye ndinawathamangitsa pamwamba pa ng'oma ya Isa: ndibwera Disembala, makina osokera, malata, njinga, kho kho kho. Anyamata anagwa pamakatoni ndi phwete. Faya anati ndili ndi mphatso, n'kundibatiza pomwepo kuti Emusi Disembala. Ndinapita kunyumba mapewa ali m'mwamba ngati tambala wa pamudzi wopanda tambala wina.

Loweruka ndinapemphera kuti kubwere chifunga cha ku Biriwiri, mabatire asadzuke. Lamulungu dzuwa linatuluka ngati lalipidwa. Ndinavaliratu makabudula awiri, pakati ndinaikapo katoni.

Amayi anadina batani. "Yo, yo, yo." Sanadzidzimuke, sanazimitse. Anamvera zopusa zonse za Faya manja ali pamiyendo, ngati ali pamaliro a munthu wosamudziwa. Kenako anatuluka mawu anga, akulonjeza makina osokera, kumbuyo anyamata akuseka. Anamvera mpaka tepi inati tha. Anaitembenuza, kumvera mphepo ya ku B pang'ono, n'kuzimitsa.

Ndodo sinabwere. Ndinayamba kubwetuka kuti kalata yonse ndikuidziwa, ndizikunenerani ine Lamulungu lililonse, ngakhale kawiri.

"Mabodzawo waloweza bwino," anatero amayi. "Ndiwe mwana wawo ndithu. Koma wadumpha mawu."

Ndinati ayi, ngakhale ng'ombe ndatchula.

"Ukuganiza ndimadikira makina? Makina ndinasiya kudikira usanayambe kuvala nsapato. Akatsokomola paja amati pepani Nangozo. Zaka zonse zomwe ndinakhala nawo m'nyumba muno sanandiuzepo pepani. Ndi pomwepo pokha."

Ndinali nditawasiya dala mawu amenewo, chifukwa sankagwirizana ndi ng'oma.

Anatenga phini ya pachitenje, kukolowola kapepala kaja m'bowo, n'kundiika m'dzanja. Kanali kataumira, manambala a masamu akuonekabe. Tepi anaibwezera m'sutikesi, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mabatire sanayanikidwenso pakhomo pathu.

Faya nditamuuza, anati oimba enieni amataya zambiri, n'kufunsa ngati kwathu kuli tepi ina. Kutchuka kwake kunafika patali zedi, kuchokera pagolosale mpaka pachigayo. Lero amagulitsa kabichi pamseu, ndipo mukamufunsa adzakuuzani kuti rapu m'dziko muno anayambitsa ndi iye, boma ndi lomwe linamuchitira nsanje. Ndimamusiya, bodza sitilandana.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaikamba ngati Faya ndiye anandipusitsa. N'zosavuta kunyoza chitsiru cha magalasi a galasi limodzi. Koma Faya anafunsa funso labwinobwino, ndipo ngakhale wailesi inayesa kukana. Amene anachita manyazi ndi bambo wake pamaso pa anthu oimbira makatoni a sopo ndine.

Abambo sanabwere, Disembala kapena mwezi wina uliwonse. Ine ndimatha kutsanzira aliyense, aphunzitsi, abusa, ngakhale mbuzi yomeza pulasitiki ija. Pepani ndinawauzapo amayi kambirimbiri, ndipo ankangoti wamveka. Koma pepani amene ankamufuna sanali wanga, ndipo ndinamufufuta ndi malovu anga omwe.